Musakalange kambalame kofunafuna mayi wake

Aphunzitsi ambiri tikamaliza kuwerengera ana nthano timafunsa funso limodzi lomweli: "Tikuphunzirapo chiyani pa nthano imeneyi?" Funsoli si loipa ayi. Koma alipo mabuku ena a zithunzi amene funsoli limawaononga, makamaka aja okamba za kanyama kakang'ono kamene katsimikiza mtima kuchita chinthu ndipo sikabwerera m'mbuyo.

Chitsanzo chake ndi buku lakale lotchedwa Are You My Mother? limene adalemba ndi kujambula P. D. Eastman wa ku America, ndipo lidatuluka m'chaka cha 1960. Nkhani yake njaifupi. Mbalame yaikazi, itamanga mpango kumutu, yasiya dzira m'chisa kukafuna chakudya. Ili komweko, dzira laswa. Kamwana kayang'ana uku ndi uku, mayi palibe. Kagwa mu mtengo, ndipo poti kuuluka sikanadziwe, kayamba ulendo wapansi. Kakumana ndi kamphaka, nkhuku, galu ndi ng'ombe, aliyense kakumufunsa ngati ali mayi wake. Kaona galimoto yakutha, boti ndi ndege. Pomaliza kakwera pa chikatapila, chimene chikanyamula m'mwamba n'kukabwezera m'chisa chomwe chija, mayi n'kutulukira ndi nyongolotsi kukamwa.

Tsono funsani funso lathu lija. Ana amadziwa kale yankho limene aphunzitsi akufuna: mwana asamachoke pakhomo osatsanzika. Mwina inu muwonjezeranso mwambi woti mawu a akulu akoma akagonera. Koma taganizirani bwino. Ndi wamkulu uti adakachenjeza kambalameka? Palibe. Kadabadwa kali kokha, kadaganiza kuti mayi alipo ndithu, ndipo kadanyamuka. Katakanidwa ndi nkhuku sikadakhale pansi n'kumalira. Kadapita kwa galu. Wolemba bukuli sadakalange. Tikamachita kupachika chilango pamene palibe, tikuphunzitsa ana kuti kufunsa ndi kuyesanso n'kusamvera.

Ine izi zimandikhudza chifukwa cha ntchito yanga ya sukulu za kwacha. Chimene chimavuta kwambiri munthu wamkulu pophunzira kuwerenga si malembo, koma mantha olakwitsa anzake akuona. Amangokhala duu, kudikira kuti aphunzitsi anene okha. Mantha amenewa sadayambe atakula. Mwana wa Sitandade 1 amafunika mtima wa kambalame kaja: kuyesa liwu, kuphonya, n'kuyesanso.

Bukuli lidalembedwanso mwanzeru pa nkhani ya kuwerenga. Lili m'gulu la mabuku otchedwa Beginner Books, amene adabwera pambuyo pa The Cat in the Hat la Dr. Seuss la mu 1957, ndipo cholinga chawo chidali kukamba nkhani yokoma ndi mawu ochepa, obwerezabwereza. Funso la kambalameka limabwera kambirimbiri. Pofika pa ng'ombe, mwana amakhala ataliloweza, ndipo amalinena inu musanatsegule tsamba. Ena amati kumeneko n'kuloweza chabe, si kuwerenga. Zoona, sikunakwane. Koma mukamaloza mawuwo ndi chala pamene ana akuwatchula, amayamba kuona kuti zotuluka pakamwa pawo ndi zomwe zili papepala. Njira imeneyi si yachilendo kwathu kuno. Agogo akati "Padangokhala," ana amayankha "Tili tonse," ndipo kanyimbo ka m'nthano kakabwera kachitatu aliyense amavomera.

Pali tsamba lina limene ndimalikonda kuposa onse. Kambalameka kakudutsa pafupi ndi mayi wake weniweni, amene ali kuseri kwa mwala akukoka nyongolotsi, koma sikakumuzindikira poti sikanamuonepo. Ana amakuwa, "Uyo apo! Wamupitirira!" Imani pamenepo, musafulumire. Mwana amene sanadziwe ndi lembo limodzi lomwe wadziwa chinthu chimene mwini nkhani sakuchidziwa, ndipo wachipeza yekha m'buku. Afunseni: N'chifukwa chiyani sikanamuzindikire? Kakumana ndi yani tsamba likubwerali? Mukadakhala inu mukadalowera kuti? Mafunso otere alibe yankho limodzi, n'chifukwa chake ndi ana amanyazi omwe amakweza mkono.

Wina anena kuti masiku ano si bwino kulimbikitsa mwana kuyenda yekha n'kumalankhula ndi anthu osawadziwa. Nkhawa imeneyi njomveka, ndipo iphunzitsidwe pa nthawi yake, poyera, osati mobisa m'nthano. Ana si opusa. Amamva nthano za Kalulu tsiku ndi tsiku koma sapita kukanyenga njovu.

Vuto lenileni ndi lina: bukuli lili m'Chingerezi, silipezeka wamba, ndipo kalasi likadzaza a kumbuyo saona zithunzi. Ngati muli nalo limodzi, kambani nkhaniyo m'Chichewa mukuonetsa zithunzi, n'kumayenda pakati pa ana. Ngati mulibe, musadandaule. Pa intaneti pali African Storybook, imene bungwe la Saide la ku South Africa lidatsegula mu 2014, ndipo ili ndi timabuku taulere m'ziyankhulo zambiri za mu Africa, Chichewa chomwe. Apo ayi, pangani lanu pa makatoni akuluakulu. Ana asankhe okha kanyama, kaya kambuzi kosochera kudambo, kaya kabakha kofuna kukaona nyanja. Iwo azinena, inu muzilemba ndendende mawu awo, ndipo pakhale chiganizo chimodzi chobwera pa tsamba lililonse. Akafuna kuti kambuziko kafunse njira kwa minibasi, lembani momwemo. Tsiku lotsatira bwererani ku katoni yoyamba, muitane mwana mmodzi adzaloze chiganizo chija ndi kamtengo.