Za kupita ndi ana ku nyanja, yankho langa kwa amene mwakhala mukufunsa

 Lero ndalemba zazitali, ndiye amene muli pa ntchito sungani kaye, muwerenge madzulo mutakhala pansi.

Tsiku la anakubala la pa 15 October layandikira, ndipo chaka chilichonse nyengo ngati ino mafunso ake amakhala omwewo. Abusa, kodi munthu wopemphera angapite ndi banja lake kokasamba ku nyanja? Abusa, mwana wa zaka zitatu n'kupita naye? Ena mwandiuza poyera kuti mumaopa, chifukwa munamva kwinakwake kuti m'nyanja muli mizimu ya m'madzi yomwe imalowa mwa ana. Ena vuto ndi la m'thumba basi. Ine maganizo anga ndi awa: pitani, ndipo anawo muwatenge, ngakhale wamng'ono uja. Koma ponyamuka mudziwe kuti mwini ulendowo ndi mwanayo, inu mukupita ngati omulondera. Amene sangakwanitse kulondera, bola akhale kaye kunyumba.

Tione kaye kufupika kwake. Ukachokera ku Balaka umafika pa Liwonde, n'kulowa msewu wa M3 wodzera pa Ulongwe mpaka ku Mangochi boma. Kuchokera apo umagwira M10 wolowera ku Monkey Bay, ndipo usanalowe m'tauniyo umakhotera kumanzere, kudutsa m'mapiri mtunda wosakwana makilomita 20, n'kutsikira m'mudzi wa Chembe, kumene ambiri timangoti ku Cape Maclear. Ukalawira m'mawa, nsima ya masana umakadyera komweko. Pali anthu amakwera ndege kuchokera ku London, kulipira madola, kuti adzaone madzi amenewa. Ife mwana wathu wa ku Utale kapena ku Phalula amajambula mapu a nyanja ya Malawi m'kope, mayeso ake n'kukhoza, mpaka kumaliza folomu 4 asanapondepo mchenga wake. Zimenezi ine zimandiwawa.

A kummawa kwa Machinga munena kuti abusa, nyanja tili nayo kale, Chilwa ndi Chiuta. Zoona, ndipo matemba ake atilera ambirife. Chilwa ili ndi chilumba chake cha Chisi. Koma imene ija ndi nyanja ya ntchito, ya matope ndi mabango, ndipo munaona nokha mmene inaphwera mu 1995 ndi mu 2018. Mwana sangasewereko momasuka.

Mukaima pa mchenga wa ku Chembe n'kuyang'ana kumadzi, kutsogolo kwanu kuli chilumba cha Thumbi, chapafupi ndithu, mphindi zochepa pa boti la injini. Chakumanja kuli Domwe, ndipo patali mkati mwa nyanja kuli Mumbo. Zilumba zimenezi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo a UNESCO anawaika pa mndandanda wa malo ofunika a dziko lonse lapansi mu 1984. Chifukwa chake chachikulu ndi tinsomba tokhala m'miyala totchedwa mbuna, tina tabuluu, tina tachikasu, tina tamizeremizere, ndipo mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Pa Thumbi madzi ndi oyera moti mwana atakhala pa mwala amationa tikudutsa pansi pa mapazi ake. Anyamata a maboti amaimba likhweru n'kuponya nsomba, nkhwazi n'kutsika mumtengo kudzaitola pamadzi inu mukuona. Ndi mbalame yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha dziko lathu. Ife tinapitako ndi mayi abusa ndi ana athu atatu, womaliza ali ndi zaka zinayi. Iyeyo anangoima n'kundigwira thalauza, amvekere, adadi tsidya lake lili kuti? Mpaka lero akaona nkhwazi m'buku amaitana aliyense m'nyumba kuti adzaone.

Wina anandifunsa za Likoma. Likoma ndi chilumba chenicheni chokhala anthu, cha milambe ndi mchenga woyera, kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's chomwe a Anglican anayamba kumanga mu 1903. Koma sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda panyanjapa kuyambira mu 1951, ikanyamuka pa Monkey Bay Lachisanu imakafika uko mawa lake. Kugona mu sitima ndi mwana woyamwa ndi wina wothamangathamanga, ayi ndithu, dikirani akule kaye. Yambani ndi Thumbi.

Tsopano nkhani ya mizimu ya m'madzi, ndipo pano ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ena mwa ife atumiki tasokonezera nkhosa. Ambuye Yesu utumiki wawo wambiri anachitira m'mbali mwa nyanja ya Galileya, amakwera ngalawa, ophunzira awo oyamba anali asodzi. Ku Chembe, ku Monkey Bay, ku Makanjira kuli mipingo, anthu amabadwira pamadzi pomwepo, amachapa, amatunga, ena amabatizidwa m'nyanja momwemo. Ndiye nyanjayo yasanduka ya ziwanda liti? Chimene ndaona ine n'chakuti mantha amenewa amatitangwanitsa ndi zosaoneka, zooneka n'kumatipitirira. Bambo amamanga mizimu ndi mawu okweza asanatsike galimoto, kenako n'kukhala pansi pa mtengo maso pa foni, mwana ali m'madzi yekha. Pempherani ponyamuka, inenso ndimatero. Koma zimene zimatenga ana ku nyanja zili ndi mayina ake odziwika, ndipo nditchula.

Choyamba ndi kumira. A bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO amanena kuti ana a chaka chimodzi mpaka zinayi ndi amene amafa kwambiri ndi kumira kuposa amisinkhu ina. Ambiri timaganiza kuti mwana akamamira amakuwa n'kumaphiriphitha ngati m'mafilimu. Sizikhala choncho. Kamwa ikadzadza madzi mawu satuluka, amangolowa pansi mwakachetechete, ndipo sizifuna madzi akuya, ofika m'mawondo mwanu akwana. Choopsa china ndi gulu. Mukapita anthu akuluakulu asanu ndi mmodzi, aliyense amaganiza kuti mnzake akuyang'ana, mapeto ake palibe akuyang'ana. Gawanani ana mochita kutchula, uyu ndi wanga, uyu ndi wanu mayi, ndipo ukafuna kuchoka umuuze mnzako mpaka ayankhe kuti ndamva. Wamng'ono akhale pamene dzanja lanu lingamufike osasuntha phazi. Mchemwali wake wa zaka zisanu ndi zinayi musamusandutse mlezi, nayenso ndi mwana, wabwera kudzasewera. Machubu opopa aja amanamiza. Mwana amaoneka wotetezeka, koma kamphepo pang'ono kamamukankhira kutali, ndipo pansi pa nyanja si pofanana, pena umayenda bwinobwino kenako phazi osapeza pansi.

Za mowa sindilankhula zambiri, mukudziwa kale pamene ndimaima. Ngakhale inu amene simuli a mpingo wathu mukuwerenga pano, tigwirizane chimodzi chokha, munthu amene wamwa asapatsidwe mwana woti amuyang'anire pamadzi.

Chachiwiri ndi boti. Kuyambira cha mu May mpaka mu August kumaomba mwera, ndipo nyanja imene m'mawa inali bata imatha kusintha nkhope nthawi yochepa. Ku chilumba pitani m'mawa, mubwerere dzuwa lisanapendeke, ndipo asodzi akakuuzani kuti lero sikuli bwino, amvereni, iwo nyanja anakulira momwemo. Musakwere boti lopanda majekete oyandamitsa, ndipo jekete ya mwana ikhale ya msinkhu wake, chifukwa ya munthu wamkulu imamuvuka akangogwera m'madzi. Tsiku limene tinapita ife, mnyamata wina wa boti anali ndi majekete awiri okha, ife tilipo asanu. Atamva kuti ndine m'busa anaseka, amvekere, abusa inunso mantha, Mulungu atiteteza. Ndinamuuza kuti Mulungu yemweyo ndi amene anandipatsa anawa kuti ndiwasunge, tinapita kwa wina n'kulipira zoonjezera pang'ono. Boti likadzadza kale, musadzipanikize kuti poti talipira. Ndipo panjira, kaya kwatentha bwanji, musaime kuti ana asambe mu Shire kapena ku Malombe. Ife a ku Liwonde ng'ona ndi mvuu sitichita kuuzidwa. Ku nyanja komweko pewani malo a mabango, sambani pamene eni mudzi akulozerani.

Chachitatu ndi likodzo, ndipo ili ndi limene anthu amalisokoneza kwambiri ndi mizimu. Ku Cape Maclear likodzo liliko, sindikubisirani, monganso liliri m'madambo ndi m'minda ya mpunga kwathu kuno. Limayenda chonchi: munthu wodwala akakodzera m'madzi, mazira a tinyongolotsi amaswa n'kulowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi. M'nkhonomo timachulukana, kenako timatuluka n'kulowa pakhungu la aliyense amene ali m'madzimo. Sumva kuwawa, mwina kuyabwa pang'ono basi. Pakapita masabata angapo, mwina miyezi, mwana amayamba kukodza magazi. Apa ndi pamene kholo limakumbukira kuti paja tinapita ku nyanja, ndiye kuti chiwanda cha m'madzi chamulowa, n'kuyamba kuyenda naye m'mapemphero a usiku miyezi itatu, uku tinyongolotsi tikuononga chikhodzodzo. Ndikupemphani, mwana wotere mubwere naye, ndimusanjika manja, koma tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala. Mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel, omwe aja a zaumoyo amagawa m'masukulu. Amagwira bwino tinyongolotsi tikakhwima, n'chifukwa chake kumwa tsiku lobwerera kumene sikuthandiza kwenikweni. Pakatha miyezi iwiri chibwerereni, pitani mukawauze a chipatala kuti banja lonse linasamba m'nyanja, iwo akuuzani chochita ndi mlingo woyenera mwana aliyense. Ndipo ana anu muwaphunzitse kukodza asanalowe m'madzi, chifukwa amene amakodzera m'nyanja ndi amene amadyetsa nkhono zija.

Masikito musaiwale. Chakumapeto kwa gombe la Chembe kuli manda a amishoni a ku Scotland amene anafika mu 1875 pamodzi ndi Robert Laws n'kumanga Livingstonia yoyamba pamenepo. Malungo anawavuta, ena anafera pomwepo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Anali anthu opemphera kuposa ine ndi inu, koma udzudzu sunawasiye. Apiteni nawo ana akaone mandawo, usiku agone m'masikito. Masana dzuwa la October limaotcha mchenga mpaka mwana kupsa mapazi, ndiye kusamba kukhale kwa m'mawa ndi chakumadzulo, masana akhale pa mthunzi, ndipo madzi akumwa mutenge anu kapena muwiritse.

Za ndalama ndikudziwa mmene zinthu zilili chigwereni kwacha mu November 2023. Sindikunena kuti mukagone m'malo a madola aja. Ku Chembe kuli malo ogona a mitengo yosiyanasiyana, ndipo pa geti la paki Mmalawi amalipira zochepa kuyerekeza ndi mlendo wakunja. Mabanja awiri mutha kusonkherana galimoto imodzi. Tengani ufa, mpunga wa ku Domasi, mapoto ndi mbaula, ndiwo mukagula usipa kapena utaka pagombe pomwepo, chambo musachiumirire ngati thumba silikulola. Amayi a banki m'khonde mumadziwa kale kusunga pang'onopang'ono mpaka mwezi wogawana. Ndalama ya fetereza ndi fizi musakhudze, imeneyo ndakana. Koma abambo ena amene mukuti ndalama palibe, werengani zimene zapita ku kubetcha mpira miyezi itatu yapitayi. Ndikunama? Enanso mumapita ndithu ku nyanja chaka chilichonse, koma ndi anzanu a kuntchito, mayi ndi ana n'kumangoona zithunzi pa Facebook ali ku Balaka. Mwana ameneyo akukula, ndipo akuona.

Langizo langa lomaliza lidabwitsa ena. Pa 15 October penipenipo, kapena pa Khirisimasi, ndi ana aang'ono musapite. Masiku amenewo gombe limadzadza, zoimbira zimasokosa usiku wonse, oledzera ali mbwee, mitengo ya malo ogona imakwera, maminibasi amathamangitsana pamsewu wa Mangochi, ndipo mwana akasowa m'chigulu chotero mumupeza movutika. Amayi athu tiwalemekeze kunyumba pa tsiku lawo, tiwaphikire, tiwagulire chitenje. Ku nyanja sankhani Loweruka wamba, kapena mkati mwa sabata sukulu zikatsekera, pamene pa mchenga pali asodzi okonza maukonde ndi amayi oyanika usipa basi.

Ndipo inu a mumpingo muno amene Ambuye anakupatsani galimoto ya mipando isanu ndi iwiri, mipando yakumbuyo ija isapite yopanda anthu. Tili ndi ana amene akuleredwa ndi agogo awo, sanafikepo ngakhale pa Mangochi boma. Mukatenga mmodzi kapena awiri, mukapemphe kaye kwa agogo awowo, ndipo muonjezere munthu wamkulu mmodzi woti aziwayang'anira. Amene mwakonzeka mundione Lamulungu tikaweruka.

Ambuye akudalitseni nonse.