ZA M'MAIKO ENA: KINA NDI TOEA

Mwezi uno tiyeni tipite ku nyanja ya Pacific, tikaone ndalama zachitsulo za dziko la Papua New Guinea.

Pa 19 Epulo 1975, miyezi isanu lisanalandire ufulu wodzilamulira, dzikoli linayamba ndalama yakeyake yolowa m'malo mwa dola ya ku Australia, yotchedwa kina, imene ili ndi matoea 100. Maina awiriwa ndi a zigoba za m'nyanja zimene makolo a kumeneko anali kugulira nkhumba ndi kuperekera malowolo azungu asanafike. Ngakhale lero anthu a mtundu wa Tolai akugwiritsabe ntchito tizigoba totunga pa chingwe, totchedwa tabu.

Kobiri la kina imodzi lili ndi chibowo pakati, ndipo ng'ona ziwiri zazungulira chibowocho. Azigogo athu akaliona angakumbukire kobiri lobowoka la m'nthawi ya Chitaganya. Pa matoea 5 pali kamba wa m'madzi. Pa matoea 10 pali cuscus, kanyama kokhala m'mitengo kosunga mwana m'thumba la pamimba. Pa matoea 20 pali cassowary, chimbalame chosauluka chonga nthiwatiwa. Kobiri la matoea 50, la ngodya zisanu ndi ziwiri, linadza mu 1980.

Dzikoli lili ndi zilankhulo zoposa 800. Mwana wa kumapiri sangamve mawu a mnzake wa kugombe, komatu onse awiri amaidziwa ng'ona. Tiona ngati kunali nzeru kusankha zinthu zimene fuko lililonse lingati ndi zake.

Koma pali chomvetsa chisoni. Kobiri la toea imodzi, la gulugufe, ndi la matoea awiri, la nsomba, anawaleka mu 2007 popeza mitengo inali itakwera kotero kuti sanathenso kugula kanthu. Ifenso tizidziwa zimenezi. Tambala wathu, amene anadza ndi kwacha mu 1971, ana ambiri a m'kalasi mwathu sanamgwirepo m'manja. Angomuwerenga pa masamu basi.

Chotero makolo, ngati m'sutikesi muli kobiri lakale, liturutseni madzulo ano. Auzeni ana chimene linali kugula, ndi thukuta limene munakhetsa kuti mulipeze. Inunso ana, musafulumire kuseka. Funsani, pakuti amene angakuyankheni sadzakhala nanu masiku onse.