Tiphunzitse ana mizu ya mawu a Chingerezi

Ophunzira athu ambiri amalowa m'chipinda cha mayeso a MANEB ataloweza mawu a Chingerezi ngati nyimbo. Funso likangotembenuzidwa pang'ono, zonse zimabalalika. Tonse tikudziwa kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Maganizo anga ndi akuti sukulu yathu iyambe kuphunzitsa mizu ya mawu kuyambira Fomu 1.

Mawu ambiri a sayansi ndi a m'mabuku a Chingerezi anachokera ku Chilatini ndi Chigiriki. Ena analowa kudzera m'Chifalansa a Norman atagonjetsa England mu 1066, ena anachita kupangidwa ndi akatswiri a sayansi. M'Chilatini, portare ndi kunyamula. Mwana wodziwa zimenezi savutika ndi import, export ndi transport: kunyamulira mkati, kunyamulira kunja, kunyamula kuolotsa. Vorare ndi kudya molusa, herba ndi udzu, caro ndi nyama, omnis ndi zonse. Apo herbivore, carnivore ndi omnivore zamveka kale. M'Chigiriki, chloros ndi mtundu wobiriwira ndipo phyllon ndi tsamba, ndiye chlorophyll ndi kubiriwira kwa tsamba.

Luso limeneli si lachilendo kwa mwana wa ku madrasa. M'Chiarabu, zilembo zitatu, k, t ndi b, zimanyamula ganizo la kulemba: kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktab ndi malo olembera. Amene anaphunzirako sarf anazolowera kufunafuna muzu asanamasulire liwu. M'Chichewa momwemu, phunzira, phunzitsa, mphunzitsi ndi maphunziro n'zapachibale. Chimene chikusowa ndi munthu womuuza mwanayo kuti Chingerezi nachonso chimatheka kuchisenda chimodzimodzi.

Ena anena kuti ana alemedwa kale: kunyumba Chiyao kapena Chichewa, m'kalasi Chingerezi, madzulo Chiarabu. Nkhawayi ndi yomveka, koma sindikupempha phunziro la Chilatini. Muzu umodzi umatsegula mawu angapo, motero zoloweza zimachepa.

Ena anenanso kuti mizu imasocheretsa, ndipo nthawi zina n'zoona. Septem ndi 7, koma September ndi mwezi wa 9, chifukwa chaka cha Aroma akale chinkayamba mu March. Manufacture anachokera ku manus, dzanja, ndi facere, kupanga, pomwe lero katundu amapangidwa ndi makina. Choncho muzu umangolozera njira, ndipo mwana ayenera kutsimikiza tanthauzo poona chiganizo chonse ndi dikishonale.

Pempho langa lili patatu. Aphunzitsi anzanga a Chingerezi ndi a sayansi, tigwirizane mizu isanu pa sabata, ana aziilemba kumapeto kwa kope pamodzi ndi mawu ochokera m'mabuku awo. Pa masabata 10 imeneyo ndi mizu 50. Akuluakulu a komiti ya mzikiti, pokonza ndondomeko ya ndalama muganizireko madikishonale osonyeza kumene liwu linachokera, oti azikhala mulaibulale. Makolo, ngakhale Chingerezi simuchidziwa, mufunseni mwana Lachisanu lililonse kuti akufotokozereni m'chinenero cha pakhomo mizu imene waphunzira. Akalephera kufotokoza, ndiye kuti sanamvetse.

M'mera mpoyamba. Tikayamba ndi a Fomu 1 teremu ikubwerayi, insha Allah adzafika Fomu 4 akutha kusenda liwu lachilendo popanda mantha.