Mtengo wa mendulo ya nkhondo uli pa dzina la m'mphepete

M'chaka cha 2009, Lord Ashcroft wa ku Britain anagula mamendulo a dokotala wa asilikali Noel Chavasse pa mtengo womwe unamveka kuti unali pafupifupi mapaundi 1.5 miliyoni. Mendulo yomwe inakweza mtengo chonchi ndi Victoria Cross, kamtanda ka mkuwa woderako kopanda golide, kopanda mwala wonyezimira, koti wosula akakasungunula sangapezepo ndalama ya ndiwo. Chavasse ndi mmodzi mwa anthu atatu okha omwe analandira ulemu umenewu kawiri, ndipo anafa mu August 1917 kufupi ndi Ypres ku Belgium, atavulala akupulumutsa anzake ovulala. Chomwe Ashcroft analipira ndi dzina lozokotedwa kumbuyo kwa kachitsulo kopachikirako mtandawo, ndi tsiku lozokotedwa pakati pake. Ine ndikuona kuti ntchito yonse yotolera mamendulo akale a ku Ulaya iyenera kuyezedwa ndi muyeso umenewu. Mendulo ndi chikalata chosulidwa pa chitsulo. Wotolera amene amasamala kuti chitsulocho chisalekane ndi munthu amene anachivala akugwira ntchito yolemekezeka. Amene amangofuna zodzazira kabati akuwononga mbiri, ngakhale atalipira ndalama zochuluka bwanji.

Mwambo wolemba mayina unakhazikika pambuyo pa nkhondo ya ku Waterloo ya 1815, pomwe boma la Britain linapereka mendulo yofanana kwa aliyense amene anamenya nawo, kuyambira mkulu wa asilikali mpaka msilikali wamba, dzina la mwini wake ndi gulu lake zitadindidwa ndi makina m'mphepete. Patatha zaka 100, mwambowu unagwira ntchito yomwe palibe anaiganizira. Mamendulo a siliva a British War Medal, okwana pafupifupi 6.5 miliyoni, ndi anzake a Victory Medal, pafupifupi onse anatuluka ndi nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali. Kenako mu 1940 mabomba a Germany anatentha nyumba yosungiramo mafayilo a asilikali ku London, ndipo mafayilo oposa theka a asilikali a nkhondo yoyamba ya padziko lonse anapsa. Kwa anthu ambirimbiri, chomwe chinatsala ndi khadi la kaundula wa mamendulo, lomwe lero likupezeka kudzera ku National Archives ku Kew, ndi kachitsulo komwe kali m'chitini cha mdzukulu. Choncho wodziwa ntchitoyi sayamba ndi nkhope ya mfumu yomwe ili kumaso kwa mendulo, chifukwa nkhopeyo ndi imodzimodzi pa mamendulo mamiliyoni. Amaitembenuza chammbali, n'kuwerenga m'mphepete ndi galasi lokulitsa, n'kutenga nambalayo kukaifananiza ndi kaundula. Ngati ndi mendulo ya kulimba mtima, amakaifufuza m'nyuzipepala ya boma ya London Gazette. Kansalu kopachikira ndi tizitsulo topingasa pamwamba pake timamuuza nkhondo ndi dera. Zikagwirizana zonsezi, munthu yemwe anaiwalika amadziwikanso kuti anali ndani, anali kuti, ndipo anaona zotani.

Kufunika kwa dzina kumaoneka bwino pomwe dzina palibe. Iron Cross ya ku Germany, yomwe mfumu Friedrich Wilhelm III ya ku Prussia inayambitsa mu 1813 ndipo inabwezeretsedwanso mu 1870, 1914 ndi 1939, inkaperekedwa yopanda dzina. Pa nkhondo yoyamba yokha inaperekedwa kwa anthu mamiliyoni. Ikalekana ndi pepala lomwe inabwera nalo, imasanduka mtanda wakuda wopanda mwini, ndipo wogula amangotsala ndi zoyesa za amisiri: kuyandikiza maginito kuti aone ngati pakati pake ndi chitsulo chenicheni, kuona ngati mkombero wa siliva unalumikizidwa padera kapena chonsecho chinathiridwa m'chikombole kamodzi, kufufuza chidindo cha wopanga pa kamphete. Opanga zabodza nawo amadziwa zoyesa zonsezi. Zizindikiro za magulu aulemu a mafumu ndiye zimanyenga koposa, chifukwa n'zokongola. Order of the Garter ya ku England, yomwe Edward III anayambitsa m'ma 1348, Golden Fleece ya 1430, ndi Order of the Elephant ya ku Denmark, zonsezi zili ndi lamulo loti mwini akamwalira zizindikiro zake zikuluzikulu zibwezedwe kwa mfumu. Wina akakuonetsani unyolo wonyezimira wa gulu lotere pamsika wamba, funso loyamba likhale lakuti unatuluka bwanji m'manja mwa eni ake. Zilipo ndithu nyenyezi zomwe anthu olemekezekawo ankapangitsa okha kwa osula golide kuti azivala tsiku ndi tsiku, ndipo izi zimagulitsidwa movomerezeka, koma popanda mbiri yolembedwa ya manja omwe chinthucho chadutsamo, ndi chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Zolakwa zazikulu za msikawu zonse zimalakwira dzina. Pali ofufuta dzina la msilikali wamba n'kuzokotapo la munthu wotchuka kapena la gulu lomwe linamenya nkhondo yodziwika, ndipo amagwidwa chifukwa m'mphepete mumakhala mutapyapyala, kapena zilembo zimakhala zozokota ndi dzanja pomwe zimayenera kukhala zodinda ndi makina. Pali ogawa mamendulo a munthu mmodzi, iyi kugulitsa uku, inzake uko, poona kuti akagulitsa imodziimodzi apeza phindu msanga. Abale nawo amachita zomwezo pogawana chuma cha masiye, aliyense kutengako imodzi kuti pasakhale wodandaula. Ndipo mtengo wa siliva utakwera kwambiri mu 1979 ndi 1980, mamendulo ambiri a British War Medal anagulitsidwa pa sikelo n'kusungunulidwa. N'chifukwa chake lero mumapeza Victory Medal yambiri ili yokhayokha, inzake ya siliva itapita m'ng'anjo pamodzi ndi dzina lomwe linali pa iyo.

Ena amati malonda onsewa ndi onyansa, kuti magazi a munthu sayenera kuikidwa pa okushoni, ndipo malo a mendulo ndi m'banja kapena m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Mawu amenewa ndimawamva, ndipo mbali ina ndi oona: n'zomvetsa chisoni kuona msilikali wokalamba akugulitsa ulemu wake kuti alipire ngongole, ndipo wogula amene amapezerapo mwayi pa umphawi wotere palibe chomuikira kumbuyo. Koma tiyang'ane zomwe zimachitikadi. Mabanja amatha, amasamuka, amaiwala. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zilibe malo kapena antchito osamalira mamendulo mamiliyoni a asilikali wamba, ndipo zambiri zomwe zimalandira zimakhala m'madirowa osaonedwa ndi munthu. Amene anapulumutsa mamendulo ku ng'anjo mu 1980 anali otolera, chifukwa ndi iwo okha omwe anali okonzeka kulipira kuposa mtengo wa siliva. Ndi iwonso omwe amatha zaka akufunafuna mendulo yosowa kuti aibwezeretse kwa inzake. Kuletsa malondawa sikungabwezere mamendulo m'mabanja; kungangowachotsera mtengo womwe umachititsa kuti munthu asawataye.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kwambiri, ndipo chimatikhudza ifeyo. Mamendulo amenewa ndi a maufumu omwe anatilamulira mokakamiza. Pa Africa General Service Medal pali kachitsulo kopingasa kolembedwa Nyasaland 1915, komwe kanaperekedwa kwa omwe anathetsa kuukira kwa John Chilembwe, munthu yemwe miyezi yochepa m'mbuyomo anali atalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafirika akufera nkhondo yomwe si yawo. Kagawidwe ka ulemu nakonso kanali ka tsankho. Alexander Cobbe, yemwe dzina lake lili pa Cobbe Barracks ku Zomba, analandira Victoria Cross chifukwa cha nkhondo ya ku Erego m'dziko la Somaliland mu 1902, akutsogolera asilikali ochokera kuno a King's African Rifles. Asilikali akuda a gulu lomwelo anawakonzera mendulo yawoyawo ya kulimba mtima, African Distinguished Conduct Medal, ndipo palibe mmodzi mwa iwo analandirapo Victoria Cross. Amtengatenga, omwe pa nkhondo yoyamba ija, Nkhondo ya Chiwaya, anatengedwa m'dziko muno pafupifupi 200,000 kukasenza katundu ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda, mbiri ya mamendulo siiwadziwa n'komwe. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi dzina kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Nanga munthu angasungirenji zizindikiro za dongosolo lotere?

Yankho langa n'lakuti tsankho lomweli ndi lomwe likupangitsa mendulo ya msilikali wakuda kukhala yamtengo wapatali kwa ife. Boma lomwe silinasamale kulemba dzina lake pamanda linalidinda pa siliva, pamodzi ndi nambala yake ndi zilembo za K.A.R. Kwa ena mwa asilikali omwe anamenya ku Karonga mu September 1914, kapena omwe anathamangitsana ndi mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, mpaka ku Mozambique, kachitsulo kameneka kangakhale chinthu chokhacho chogwirika chomwe chili ndi dzina lawo. Kusunga mendulo yolembedwa Nyasaland 1915 sikuvomereza kuphedwa kwa Chilembwe. Ndi umboni woti boma la atsamunda linaona kuukirako ngati nkhondo yoyenera mendulo, ndipo mayina a m'mphepete amatikakamiza kuvomereza chinthu chowawa, kuti ena mwa omwe anamusaka anali abale athu omwe. Umboni wotere suyenera kutayidwa chifukwa choti ukutiwawa. Malire alipo, ndipo amaoneka pa mamendulo a ulamuliro wa Hitler: Germany imaletsa kuonetsa poyera chizindikiro cha chipani chake, ndipo mu 1957 inalola asilikali akale kuvala Iron Cross yokonzedwanso yopanda chizindikirocho. Wosunga zinthu zotere kuti aphunzitse anthu ndi wosiyana ndi wozisunga kuti azizipembedza, ndipo kusiyanako kumaoneka pa zomwe walemba pambali pake.

Chodetsa nkhawa n'chakuti pa nkhondo yachiwiri Britain inasiya kudinda mayina pa mamendulo wamba. Africa Star ndi Burma Star za agogo omwe anapita ku Ethiopia ndi Burma zilibe nambala kapena dzina, ndiye kuti zikalekana ndi buku la usilikali, chithunzi, kapena munthu wokumbukira, zathera pomwepo. Ngati m'banja mwanu muli mamendulo a nkhondo iliyonse, musawakweche ndi phulusa kapena mchenga kuti awale, chifukwa mufufuta zilembo. Musachotse kansalu kakale ngakhale katasuluka, ndipo musawagawane pamaliro. Werengani m'mphepete, lembani zonse zomwe zilipo, funsani akuluakulu omwe adakali moyo kuti mwini wake anali wa mudzi uti ndipo anabwerako liti, n'kusunga pepalalo pamodzi ndi mamendulowo. Wogula akabwera pakhomo ndi ndalama m'manja, musamupatse musanajambule mbali zonse ziwiri ndi m'mphepete momwe.