Zakufa za magetsi ndi ndalama, koma dimba lisalipire

Lachiwiri lina ndili pamsika wa Dzaleka kuona mitengo ya tomato ndi kachewere, ndinaima patebulo la mnyamata wokonza mafoni. Pansi pake panali ndowa yodzaza ndi mafoni akufa, machaja, mawailesi ndi nyali za sola. "Achimwene, zimenezi mumapita nazo kuti?" ndinafunsa. Iye anati zina ana amaseweretsa, zotsala amakataya kudzala.

Alimi anzanga, m'ndowa imeneyo muli ndalama. Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000 ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. Onjezanipo midzi ya Dowa ndi Ntchisi kumene sola yalowa khomo ndi khomo. Zinthu zimenezi zimafa, ndipo m'kati mwake muli mkuwa, aluminiyamu ndi chitsulo. Mnyamata amene wagulitsa fodya wake n'kumangokhala chilimwe chonse angathe kuyambapo geni.

Mpamba wake si waukulu: sikelo, maginito, pulayala, sikuludilaiva, mpeni ndi matumba. Maginito amakoka chitsulo koma sakoka mkuwa kapena aluminiyamu, choncho kusankha n'kosavuta. Mkuwa ndiwo wa mtengo, chitsulo n'cha pansi. Musaphatikize, chifukwa wogula adzakulipirani zonse pamtengo wa chitsulo. Musanaphwanye chinthu, kaonetseni kaye kwa wokonza. Sipika kapena galasi la foni lamoyo limagulidwa bwino kuposa chitsulo chake pasikelo. Sonkhanitsani katundu wambiri musanapite ku Lilongwe, apo ayi phindu lithera pa thiransipoti.

Apa m'pofunika kugwirizana. Othawa kwawo saloledwa kuchita malonda kunja kwa msasa, ndipo mu 2023 boma linabweza ambiri ku Dzaleka. Luso lokonza ali nalo. Ife tili ndi ufulu woyenda ndi katundu.

Koma ine ndine wa zanthaka, ndiye nkhawa yanga ili pa moto ndi mabatire. Ndaonapo anyamata akuotcha mawaya m'mbali mwa dambo kuti pulasitiki achoke. Utsi umenewo ndi poizoni, phulusa lake mvula imalikokolera kudimba, ndiponso mkuwa wopsa mtengo wake umatsika. Waya asendedwe ndi mpeni ngati nzimbe. Zimachedwa, inde, koma chilimwe nthawi ilipo.

Batire la sola kapena la galimoto ndiye loopsa zedi. M'kati mwake muli mtovu ndi asidi. Mtovu suola ngati manyowa. Ukalowa m'nthaka wakhala. Fumbi lake limamata pamasamba a mpiru ndi chayinizi, nkhuku zimalitola zikamapalasa, ndipo mwana wokwawa amalidya ndi manja. Mwana wotere ubongo wake sukula bwino, ndipo kholo limangodabwa akulephera kusukulu. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi wa mtovu unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana akumeneko akupezeka ndi mtovu m'magazi. Batire musaliswe, musalikhuthule asidi, musasungunule mtovu wake pa mbaula. Ligulitseni lathunthu. Pomwe mukudikira wogula, liikeni chilili pasimenti, pansi pa denga, kutali ndi chitsime ndi khola. Nawo mabatire a foni musawabaye, amayaka moto.

Wina anena kuti wogula amafuna mtovu wokhawokha ndipo amalipira zambiri. Ndikuvomera. Koma ndalama imeneyo idzatha mwezi womwewo, pamene dimba limene munalandira kwa agogo anu simungalichape.

Chinanso, waya watsopano wokhuthala, wodulidwa bwinobwino, akabwera nawo usiku, mukaneni. Kawirikawiri ndi wobedwa pamapolo a ESCOM kapena pa pampu ya mthirira ya mlimi mnzanu, ndipo apolisi akabwera adzafunsa mwini sikelo.