Tauni siikonzeka ndi chikwapu

Ndi matauni ochepa m'dziko muno amene anthu ake sadandaula za zinyalala, ngalande ndi zimbudzi. Kaya ndi pa Balaka, pa Mponela, pa Luchenza kapena pa boma pa Kasungu, nyimbo yake ndi imodzi. Mvula ikangogwa, madzi amalowa m'magolosale. Dzuwa likalowa, mdima umakuta msewu waukulu ndipo amayi ogulitsa tomato amalongedza msanga poopa akuba. Koma m'mawa mwake wodulitsa ziphaso amafika pa nthawi yake, sajomba ngakhale tsiku limodzi.

Nkhaniyi si ya anthu a bizinesi okha. Pakati pa tauni ndi pomwe pamachokera fizi ya ana, ndalama ya feteleza ndi ndiwo za madzulo. Mlimi akagulitsa soya amadzagula malata pomwepo, ndipo mwana popita kusukulu amadumpha zithaphwi zomwezo. Malowa akaipa, banja lililonse limalipira mtengo wake. Mliri wa kolera umene udayamba mu Malichi 2022 udapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulidwa kaamba ka mliriwo. Msika wopanda madzi ndi chimbudzi ndi munda wa matenda otere.

Kwa zaka zambiri, njira yomwe akuluakulu akhala akudalira pofuna kukonza matauni ndi ya chikwapu. M'nthawi ya Kamuzu Banda, nyumba zakutha mumzinda wa Blantyre zinkajambulidwa nyenyezi yofiira, kuchenjeza eni ake kuti azikonze, apo ayi zigwetsedwa. Mu Epulo 2006, boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu pa ntchito yomwe idatchedwa Operation Dongosolo. Misewu idayera ndipo anthu ambiri adaombera m'manja, koma sipadapite zaka zambiri mavenda adabwerera. Mu Novembala 2020, Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, adakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Miyezi yoyambirira anthu adatuluka ndi masache ndi mawilibala, kenako changu chidayamba kuzirala.

Ntchito zonsezi zidali ndi cholinga chabwino, koma zidali ndi chilema chimodzi: zidachokera kumwamba. Lamulo likachokera ku likulu, limagwira ntchito malinga ngati apolisi ali mumsewu kapena atolankhani ali pomwepo ndi makamera. Iwowa akachoka, ngalande imakhalanso yopanda mwini. Wa golosale amati ndi ya khonsolo, khonsolo imati ilibe ndalama, ndipo wodutsa amaponyamo chikonyo nkumati ndi zaboma izi.

Chomwe chikusowa m'matauni ambiri ndi bungwe lokhazikika la anthu amene amagona ndi kudzuka akuganiza za malowo, lokhala ndi thumba lakelake la ndalama komanso mabuku oti aliyense nkuwaona. Maganizowa si achilendo pa dziko lapansi. Adayambira mumzinda wa Toronto m'dziko la Canada mu 1970, m'dera lotchedwa Bloor West Village. Eni masitolo kumeneko adaona kuti makasitomala akuthawira kumasitolo akuluakulu akunja kwa mzinda, komanso ambiri akudutsa pansi pa nthaka pa sitima osaimanso pa masitolo awo. Poyamba adayesa kusonkha mwa kufuna kwa munthu, koma osonkha adali ochepa omweomwewo pomwe phindu linkapita kwa onse. Choncho adapempha boma kuti likhazikitse lamulo loti anthu ambiri m'deralo akagwirizana, aliyense azilipira kangachepe pamwamba pa msonkho wake. Khonsolo ndiyo inkatolera, koma ndalamazo zinkabwerera kwa komiti ya eni malowo. Adayamba ndi zinthu zazing'ono, magetsi a m'mitengo ndi maluwa m'mbali mwa msewu, ndipo anthu adayamba kubwerera.

Njirayi idafalikira m'maiko ambiri. Ku England, lamulo la mu 2003 lidalola mabungwe otere, ndipo tauni ya Kingston upon Thames ndiyo idayamba kuvota mu 2004. Kumeneko bungwe silikhazikitsidwa popanda voti ya olipira, ndipo silipitirira zaka 5 popanda kuvotanso. Likalephera kuonetsa ntchito, olipira amalikana ndipo limatha. Ku Cape Town, komwe Amalawi ambiri amagwira ntchito, bungwe lotere lidayamba mu 2000 pakati pa mzindawo. Eni nyumba amalipira ndalama yoonjezera, yomwe imalemba alonda, osesa ndi okonza tinthu toonongeka mumsewu.

Nzoona kuti Ntcheu si Toronto, ndipo pa Jenda palibe nyumba zosanja zoti nkudulapo msonkho wochuluka. M'matauni a m'dziko muno, ndalama yomwe imalowa tsiku ndi tsiku imachokera kwa anthu wamba: wogulitsa usipa, wa kaunjika, wa chipisi, wa kabaza ndi wa minibasi pa depoti. Ichi ndicho chifukwa chake bungwe lotere kuno liyenera kuumbidwa mosiyana. Silingakhale la eni nyumba okha. Mayi amene amadula chiphaso tsiku lililonse kwa chaka chathunthu ndi wolipira msonkho weniweni, ndipo ayenera kukhala ndi mpando wake pa tebulo limodzi ndi mwini sitolo ya hadiweya, wa chigayo ndi wa resitihausi.

Malamulo si chopinga chachikulu. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la mu 1998, pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho, lidapatsa makhonsolo mphamvu zotolera ndalama za misika, malaisensi ndi misonkho ya nyumba, komanso udindo wosamalira misika ndi ukhondo. Vuto nlakuti kuchokera mu 2005 kufikira mu 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala osankhidwa, ndipo anthu adazolowera kulipira osafunsa komwe ndalama ikupita. Makomiti a m'misika alipo ndithu, koma ambiri ntchito yawo imathera pa kugawa mabenchi, kuweruza milandu ing'onoing'ono ndi kusonkhetsa za maliro. Ndalama ya ziphaso imapita m'thumba lalikulu la khonsolo, komwe imakalimbirana ndi malipiro a antchito, mafuta a galimoto ndi maalawansi a misonkhano.

Chofunika nchakuti khonsolo isayinirane pangano ndi komiti yosankhidwa ya pakati pa tauni, lonena kuti gawo lodziwika la ndalama zotoleredwa pamalopo lizitsala pomwepo. Masamu ake si ovuta. Kungoyerekeza, msika utakhala ndi ogulitsa 500, ndipo pa chiphaso chilichonse nkumapatulapo K100, pa tsiku pangapezeke K50,000. Pa masiku 26 ogwira ntchito ndalamayo ikwana K1.3 miliyoni. Siingamange msewu wa tala, koma ingalipire osesa angapo, kupopa chimbudzi chikadzadza, kukonza mpopi ndi kugula nyale za sola pang'onopang'ono. Izi ndi zomwe ogula amayang'ana posankha kokagula.

Alipo amene anganene kuti uku nkulipiritsa anthu kawiri, kapena kuvula khonsolo udindo wake. Nkhawayi njomveka, ndipo yankho lake lili m'pangano lomwelo. Pasakhale chiphaso chatsopano chisanaoneke chipatso cha chiphaso chakale. Khonsolo ilembe poyera zomwe ipitirize kuchita, monga kutumiza thirakitala kangati pa sabata kudzanyamula zinyalala, ndipo komiti ichite zoonjezera pamenepo. Popanda kulemba, khonsolo ingathe kungopinda manja nkusiyira amalonda katundu yense.

Nkhawa yachiwiri ndi ya osauka. Ku Cape Town komweko, ena akhala akudzudzula mabungwewa kuti ukhondo wawo umatheka pokankhira kutali anthu osowa pogona ndi ogulitsa mumsewu. Izi zingachitikenso kuno ngati komiti itadzadza ndi anthu a masitolo okhaokha. Venda sakhala mumsewu chifukwa chokonda fumbi. Amatsata komwe kukudutsa ogula. Msika ukamangidwa kuseri, kutali ndi depoti, mabenchi amakhala opanda anthu pomwe msewu wadzadza. Komiti yokhala ndi mavenda ingathe kugwirizana za malo ndi maola, mwachitsanzo kulola malonda a madzulo pa malo ena ogulitsawo atalonjeza kusesa asanachoke. Pangano lomwe munthu wavomera yekha amalisunga kuposa lamulo lomwe lamupeza ndi utsi wokhetsa misozi.

Nkhawa yachitatu, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse, ndi ndale ndi kusolola. Pomwe pali thumba la ndalama, anyamata a chipani sachedwa kufika. Ku Zambia, misika ndi madepoti ambiri adali m'manja mwa anyamata otere, omwe ankatolera ndalama zoyenera kupita ku makhonsolo, mpaka Hakainde Hichilema atalowa m'boma mu 2021 adalamula kuti achoke. Mankhwala a matendawa ndi kuwala. Ndalama zizisungidwa kubanki, osayinira akhale atatu ochokera m'magulu osiyana, ndipo mwezi uliwonse pa chipata cha msika pazimatidwa pepala loonetsa zolowa ndi zotuluka. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma lidayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, choncho wogulitsa makala ali ndi ufulu wofunsa khonsolo kuti msika wake udatolera zingati. Komiti izisankhidwa pa nthawi yoikika, ndipo ikalephera ichotsedwe ndi voti, monga zimakhalira ku England.

Ukhondo ukakhazikika, mpamene zochitika zokopa anthu zimakhala ndi tanthauzo. Dziko lino laona kale mphamvu ya khamu. Chikondwerero cha Lake of Stars chidayambira ku Chintheche mu 2004 ndipo chidakoka alendo ochokera kunja. Mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje umabweretsa anthu ku Likhubula. Mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde ndi wa Umhlangano ku Ntcheu umasonkhanitsa chinamtindi cha anthu ofuna chakudya, pogona ndi mayendedwe. Funso nlakuti matauni oyandikana ndi malowa amakonzekera motani. Alendo akapeza resitihausi yopanda madzi ndi msewu wamdima, amadya zomwe anyamula nkubwerera tsiku lomwelo, ndalama ili m'thumba.

Tauni siyenera kudikira mwambo wa ena. Pafupifupi dera lililonse lili ndi chomwe limatchuka nacho: manachesi ku Mwanza, zinanazi ku Mulanje, kachewere ku Dedza ndi Ntcheu, mpunga wa Kilombero ku Karonga, mtedza ku Mchinji. Komiti yanzeru ingakonze tsiku limodzi pa chaka, m'nyengo yomwe mbewuyo yachuluka, loti alimi aonetse zokolola, makwaya apikisane, ana asukulu avine magule ndipo matimu a mpira wa miyendo ndi wa manja amenyane pa bwalo la pa boma. Masitolo angatsitse mitengo tsiku limenelo, ndipo makampani a mafoni ndi mabanki, omwe amakonda kuonekera pomwe pali anthu, angapemphedwe kulipira zokuzira mawu ndi mphoto.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimaononga zochitika zotere. Choyamba ndi kusandutsa tsiku la anthu kukhala msonkhano wa ndale, pomwe khamu limakhala padzuwa kudikira mlendo wolemekezeka amene wachedwa ndi maola atatu, ndipo theka la ndalama limathera pa chakudya cha a pa nsanja. Chachiwiri ndi kusawerengera. Tsikulo likatha, komiti iyenera kunena ndalama zomwe zidalowa, zomwe zidatuluka, ndi chomwe chatsalira tauniyo, kaya ndi nyale zisanu kapena chimbudzi chimodzi chatsopano. Chikondwerero chosiya mabotolo osweka ndi ngongole chimangophunzitsa anthu kuti chaka chamawa asadzasonkhe.

Mutu umodzi susenza denga, koma denga silisenzekanso ngati osenzawo sakudziwa komwe akulipititsa. Nchifukwa chake poyambira pabwino ndi ntchito imodzi yooneka ndi maso. Amalonda a tauni imodzi akhale pansi ndi khansala wawo, mafumu ndi mkulu wa msika, asankhe ngalande imodzi kapena chimbudzi chimodzi, alembe mtengo wake, aike tsiku lomalizira, kenako amate malisiti pa chipata. Ntchitoyo ikatheka mvula isanagwe, anthu omwe ankazemba wodulitsa ziphaso adzayamba kufunsa za ntchito yotsatira. Makhansala omwe adasankhidwa mu Seputembala 2025 akadali ndi zaka zoti aonetse ntchito, ndipo amene angayambe kubweretsa pangano lotere kukhonsolo sadzavutika kufotokozera anthu chomwe adachita ndi mpando wake.