Zithunzi za pa foni zikugulitsa malo ogona kunyanja, koma sizikunena zonse

LILONGWE — Mwezi wa Okutobala ukayandikira, magulu a amayi a m'mipingo, a banki m'khonde komanso achinyamata a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona mu mzinda wa Lilongwe amayamba kusonkha ndalama za ulendo wa kunyanja. Pa tsiku la anakubala, pa 15 Okutobala, ndiponso nyengo ya Khirisimasi, msewu wa Salima umadzaza ndi maminibasi olowera ku Senga Bay, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera mu likulu la dziko lino.

Chimene chasintha m'zaka zapitazi ndi njira yopezera malo ogona. Kale gulu linkatuma munthu mmodzi kuti akaone malowo ndi maso, kapena linkadalira mawu a mbale amene anafikako. Lero malo ambiri, kaya ndi loji, resitihausi kapena bwalo lokhomapo matenti m'mbali mwa nyanja, amasankhidwa pa foni, potengera zithunzi ndi makanema amene eni malo amaika pa Facebook, WhatsApp ndi TikTok. Ndalama yosungitsira malo imatumizidwa tsiku lomwelo kudzera pa Airtel Money, yomwe inayamba mu 2012, kapena TNM Mpamba, yomwe inabwera mu 2013.

Palibe angatsutse kuti zimenezi zathandiza eni malo ang'onoang'ono. Alendo ochokera kunja akhala akusankha malo pa TripAdvisor, yomwe inakhazikitsidwa mu 2000, ndi pa Airbnb ya mu 2008, koma njira zimenezi zinkapindulira makamaka malo odziwika kale a ku Cape Maclear, Nkhata Bay ndi Kande. Mwini malo wa zipinda zisanu, yemwe sangathe kulipira malonda pa wailesi, tsopano angathe kufikira anthu ochuluka ndi foni imodzi yokha. Malo opanda chithunzi chilichonse ndiwo amene akusiyidwa, ngakhale atakhala aukhondo, chifukwa munthu safuna kutumiza ndalama ku chinthu chimene sanachione.

Vuto limayambira pa chimene chithunzi chimabisa. Wojambula amasankha ngodya, amasankha nthawi, ndipo kamera ya foni ya masiku ano imatha kukulitsa chipinda chopapatiza n'kuoneka ngati holo. Chithunzi cha tenti pa udzu wobiriwira, dzuwa likutuluka kuseri kwa nyanja, sichinena kuti chimbudzi chili kutali bwanji, kuti bafa ndi limodzi pa anthu angati, kapena ngati madzi amatuluka pa mpopi. Sichinena ngati pali jenereta kapena sola magetsi akazima, ngati pali mlonda usiku, kapena ngati bala yoyandikana nayo imaimba nyimbo mpaka mbandakucha. Komatu zimenezi ndizo zimene mlendo amakumbukira pobwerera kwawo. Mayi yemwe wayenda ndi ana atatu samadandaula za maonekedwe a mchenga. Amadandaula za kuyenda mumdima kupita kuchimbudzi.

Kunyanja kulinso vuto lina, la nthawi. Mu 2024 madzi a m'nyanja ya Malawi anakwera kwambiri kuposa mmene anakhalira kwa zaka zambiri, ndipo anamiza magombe, mabwalo ndi nyumba zina za malo ogona alendo m'maboma a Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay. Chithunzi chojambulidwa mu 2019 chikhoza kukhala choona ndithu, osakonzedwa ndi kompyuta, koma n'kumaonetsa gombe limene linamira. Chimodzimodzinso nyengo: nyanja yabata ya mu Okutobala si yofanana ndi ya mu Julayi, pamene mphepo ya mwera imautsa mafunde n'kugwedeza matenti usiku wonse. Kaamba ka ichi, funso loti chithunzi chinajambulidwa liti n'lofunika kuposa loti n'chokongola bwanji, ngakhale ndi ochepa amene amalifunsa.

M'mayiko olemera, makampani amayesa kuthetsa kukayika kotere ndi zithunzi zozungulira mbali zonse, zimene munthu amayenda nazo m'malomo ali pa kompyuta yake, monga mmene Google Street View yakhala ikuchitira kuyambira mu 2007. Kuno njira yotere imadya bandulo yambiri ndipo imafuna zipangizo zodula. Koma anthu a m'makwalala a Lilongwe ali nayo kale njira yawo, yomwe mwina ndi yodalirika kuposa yakunjayo: kuimba foni ya kanema pa WhatsApp n'kupempha wosamalira malo kuti ayende ndi foniyo, atsegule mpopi, aonetse matiresi ndi masikito, alowe kubafa. Kanema wotere sakonzedwa ndipo ndi wa tsiku lomwelo. Mwini malo amene akana kuchita zimenezi, kapena amangozengereza, wayankha kale funso lonse.

Tiyenera kukumbukira kuti ndalama ya ulendo wotere si yochepa kwa munthu wa ku Mgona kapena Chinsapo. Imakhala yosonkhedwa kwa miyezi ingapo, ina yochokera pa geni ya mandasi, ina pa kabaza. Mlendo wochokera ku London akakhumudwa amasamukira pa loji ina, n'kulemba dandaulo pa intaneti. Gulu la anthu 30 lomwe latsika minibasi madzulo, litalipira kale theka la mtengo, lilibe kolowera. Limagona pomwepo, ndipo mkwiyo wonse umagwera msungichuma wa gulu amene anatumiza ndalamayo. Magulu amatha kusweka pa nkhani zoterezi.

Ngakhale kwa mwini malo, phindu la chithunzi chonama ndi la kanthawi. WhatsApp yomweyo imene inabweretsa gululo ndiyo imanyamula zithunzi za chimbudzi chowonongeka kupita ku magulu ena a mpingo ndi a kuntchito. Mzinda wa Lilongwe ndi waukulu, koma nkhani yochokera ku Area 25 sichedwa kufika ku Area 23. Mlendo amene anauzidwa pasadakhale kuti bafa ndi la panja ndipo madzi ndi otunga, nthawi zambiri amabwerera wokhutira, chifukwa wapeza chimene anayembekezera pa mtengo umene anavomera.

Nkhaniyi sikukhudza kunyanja kokha. M'madera monga Area 25 mwachuluka maloji ndi nyumba zobwereketsa kwa masiku ochepa, zimene anthu obwera ku maukwati, ku zinkhoswe ndi ku misonkhano amazipeza pa foni. Achibale a ku Johannesburg amasungitsa zipinda asananyamuke, ataona zithunzi zokha.

Malamulo alipo. Malo ogona alendo amayenera kukhala ndi chiphaso cha boma, ndipo lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la mu 2024, lomwe linalowa m'malo mwa la mu 1998, limaletsa kusocheretsa ogula ndipo linapatsa bungwe la Competition and Fair Trading Commission mphamvu zolipiritsa chindapusa. Chovuta n'chakuti dandaulo limafuna umboni, pamene malonda ambiri a mtundu umenewu amachitika popanda lisiti. Chithunzi cha pa sitetasi ya WhatsApp chimafufutika pakatha maola 24, ndipo nambala yolandira ndalama kawirikawiri imakhala ya munthu wamba osati ya bizinesi. Pamenepa ndi pomwe akamberembere amalowerapo, kutenga zithunzi za loji ya eni ake n'kuikapo nambala yawo. Gulu limene lasunga zithunzizo, uthenga wa mgwirizano ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita limakhala ndi poyambira likafuna kukadandaula ku bungweli kapena kupolisi.